Nkhanu za Kumtunda kwa Namiyala

Chigoba cha nkhanu chikamapsa pamakala sichinunkha ngati nsomba. Fungo lake ndi la matope ofunda ndi mwala wopserera, ndipo limakanirira ku zala mpaka tsiku lotsatira. Kuno ku Moatize, kumene ndakhala zaka zambiri tsopano, sindilimva kawirikawiri, chifukwa mphepo ya kuno imadzaza ndi fumbi la malasha. Koma nthawi ya mvula ana a kuseri kwa nyumba yanga amabwera ndi nkhanu ziwiri zitatu kuchokera kumtsinje n'kuziotcha pambaula ya amayi awo. Fungolo likadutsa mpanda ndimasiya zimene ndikuchita. Limandibwezera ku Zobue, m'dzinja loyamba titabwerako ku Malawi, ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi.

Dziko lathu sindinkalidziwa. Makolo anga anathawa nkhondo ine ndili kumsana, ndipo ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo, cha ku Mwanza. Mtendere utabwera tinakwera galimoto lalikulu pamodzi ndi mabanja ena, titanyamula makasu, mbewu, miphika iwiri ndi chitini chachikulu chimene kumsasa tinkalandiriramo mafuta ophikira. Kumudzi kwathu kwenikweni sitinafikeko. Ankati njira zake zinali ndi mina, mabomba aja okwiriridwa pansi, choncho anatipatsa malo pafupi ndi msewu wa ku Tete. Bambo anamanga nyumba ya mitengo ndi dothi, ndipo denga lake theka linali udzu, theka pepala la pulasitiki lomwe tinabwera nalo. Mvula ikamagwa, mbali imodzi ya nyumba inkalira ngati ng'oma, ina ili chete.

Malamulo a ana anali ochepa koma sankaseweretsedwa. Unkayenda pokhapo pamene ena apondapo. Ukaona miyala yopakidwa penti wofiira unkabwerera, ngakhale mbuzi yanu ilowe kumeneko. Chitsulo chilichonse cha m'udzu sunkachitola. Chaka chimenecho mango anabereka kwambiri m'midzi yosiyidwa, ndipo tikakhala kumunda tinkaona mitengo itafiira, zipatso zikugwa zokha. Mphepo ikachokera kumeneko inkabwera ndi fungo la mango owola, ife n'kumangomeza malovu. Malo okhawo amene tinkasewera momasuka anali kamtsinje ka Namiyala, komwe kankatsika kuphiri n'kudutsa kumunsi kwa mudzi. Pamene azimayi ankachapira panali miyala yosalala ndi mchenga woyera, ndipo panali patapondedwa ndi mudzi wonse.

Amene anandiphunzitsa kugwira nkhanu anali Zeka, mwana wa azakhali anga. Banja lawo silinathawe, linakhala pa Zobue pomwepo nkhondo yonse, ndipo Zeka ankatitcha ife obwerera kuti Amalawi. Ndikati sukulu ankaseka, akuti kuno timati sikola. Ndikati tchuthi ankasekanso, akuti ndi feriya. Koma feriyayo itayamba, chimanga chili m'mawondo, anandilola kulowa m'gulu lake. Tinkatembenuza miyala pang'onopang'ono, kudikira kuti matope atsike, kenako n'kuipanikiza nkhanu kumsana isanathawire pansi pa mwala wina. Zina zinkakhala m'mauna a m'gombe. Zimenezo tinkazinyenga ndi kachingwe komangirira matumbo a nkhuku, ndipo ikapana unkakoka mosafulumira kuti isasiye. Tsiku loyamba ina inandipana chala mpaka magazi, ndipo sindinalire chifukwa Zeka ankandiyang'ana.

Sitinkagwira chifukwa cha njala, ngakhale njala inalipo. Nkhanu ilibe mnofu woti munthu n'kukhuta. Tinkagwira kuti tipikisane, kenako tinkakoleza moto pamchenga, kuziotcha mpaka zifiire, kuswa zigoba ndi mwala n'kumatsopa. Chimene chinkatibwezera kumtsinje tsiku ndi tsiku n'choti sunkadziwa kuti lero upeza zotani. Mvula ikagwa kuphiri, madzi n'kufiira, nkhanu zinkatuluka zokha mpaka m'udzu, ndipo ngakhale tiana tosavala tinkatola. Dzuwa likawala masiku angapo, madzi n'kuyera, unkatembenuza miyala mpaka msana kuwawa n'kupeza kamodzi kokha ngati chikhadabo. Masiku ena zonse zinkaoneka bwino, madzi abwino, mitambo yabwino, koma nkhanu kulibe. Zeka anali ndi zifukwa zake. Tsiku lina ankati ndi mwezi, lina ankati wina wa ife wadya mchere wambiri, ndipo zikavuta kwambiri ankati ndi Amalawife.

Bambo anali munthu wosalankhula zambiri. Nkhondo isanafike anagwirapo ntchito mumgodi wa malasha kuno ku Moatize, ndipo m'zikhatho zawo munatsala timizere takuda timene sopo sankachotsa. Amayi ankawaitana kuti bambo a Tome, iwo n'kumawaitana Amayi kuti make Tome. Tome anali mlongo wanga, mwana wawo woyamba. Ndinkadziwa kuti anamwalira nthawi ya nkhondo, chifukwa dzina lake linkatchulidwa m'mapemphero athu a tsiku ndi tsiku. Koma kwa ine linali dzina chabe, loitanira makolo anga. Panalibe chithunzi chake, panalibe chovala chake. Sindinafunsepo kumene anaikidwa, ndipo panalibe amene anandiuza. Pambuyo panga Amayi sanaberekenso.

Lamulungu lina titachokera ku mapemphero, omwe tinkachitira m'tchalitchi lopanda denga, Bambo ananditsatira kumtsinje. Ana onse anadabwa, chifukwa akuluakulu sankabwera kunkhanu. Iwo anapinda thalauza, nalowa m'madzi, nayang'ana gombe kanthawi. Kenako analowetsa dzanja m'una mpaka m'chigongono n'kutulutsa nkhanu yaikulu ngati chikhatho changa, yakuda, ikutambasula zala zake zopanira. Sanagwiritse chingwe kapena nyambo. Anatulutsa ina, naitembenuza, n'kutionetsa tiana take tambirimbiri tikuyenda pansi pa mimba yake. Imeneyo anaibwezera m'madzi. Zeka sananditchenso Mmalawi tsiku lonselo, ndipo ine ndinayenda kubwerera kunyumba chitini chili pamutu, khosi litaumirira ndi kunyada.

"Za kuno zatha ndi ana," anatero Bambo tili panjira. "Lamulungu likubwerali tidzapite kumtunda, iwe ndi ine."

Kumtunda kunalibe amene ankapitako. Mtsinje unkachokera kumene kunali midzi yakale, ndipo njira zonse za m'mbali mwake zinali zoletsedwa. Bambo anati tiziyenda m'madzi mokhamokha. Anandiuza kuti okwirira mina ankatchera m'njira, pazitsime ndi pamakomo, osati pamiyala ya mumtsinje. Ine ndinkayenera kuponda pamene iwo aponda, ndipo ngakhale nditaona chiyani kugombe, ndisatuluke. Anadula ndodo yansungwi, iwo n'kugwira kutsogolo, ine kumbuyo, ndipo tinkayenda choncho, chitini chikundimenya m'chiuno.

Titangodutsa pokhota poyamba, phokoso la magalimoto a pamsewu linazimirira. Madzi ankazizira kwambiri kuposa a kumudzi, ndipo mitengo inkakumana pamwamba pathu mpaka dzuwa linkangolowa ngati timadontho. Kunkanunkha masamba owola ndi nkhuyu zakupsa. Anyani ankatiyang'ana ali pamatanthwe osathawa, ngati anali ataiwala kuti munthu n'chiyani. Penapake ndinaona mapale a mbiya atatulukira m'dothi, penanso mizati yopserera ya nyumba itaima m'udzu wautali. Ndinkaopa, koma ndinkakondwanso. Kumsasa Bambo ankachoka m'mawa kukafuna maganyu n'kubwera atatopa, ndipo sindinakhalepo nawo awiriwiri tsiku lathunthu. Tsopano msana wawo unali patsogolo panga, malaya atanyowa thukuta, ndipo nthawi ndi nthawi ankacheuka kuona ngati ndilipo.

Koma nkhanu za kumtunda zinandikhumudwitsa. Mtsinje kumeneko unali wa matanthwe okhaokha, miyala yake yolemera, gombe louma lopanda mauna. Ndipo Bambo, amene anali katswiri uja, sankayang'ana m'madzi n'komwe. Maso awo anali pamitengo. Tikafika pa mkuyu uliwonse waukulu wa m'mphepete ankandikhazika pamwala, iwo n'kukwera pamizu, kumasisita thunthu ndi dzanja mozungulira. Akatsika ankaima kaye, kuyang'ana phiri, kuyang'ana kumene tachokera, kenako n'kunyamula ndodo. Nditawafunsa chimene ankafuna m'mitengomo, anangoti, "Gwira nkhanu zako, Lusiya." Tsiku limenelo tinabwera ndi zinayi. Lamulungu lotsatira tinapita patali kuposa apo n'kubwera ndi ziwiri, imodzi yopanda chala.

Zeka anayambiranso. Ankandidikira pochapira, kusuzumira m'chitini, n'kuitana anzake kuti adzaone zimphona za kumtunda. Iwo tsiku lomwelo anali ataotcha mpaka kutaya zina. Ndinayamba kunyinyirika. Ndinkauza Bambo kuti pochapira pomwepa pali nkhanu zambiri, kuti miyendo ikundiwawa, kuti kumtunda kulibe kanthu. Iwo ankangogwedeza mutu, n'kunena kuti nkhanu ndi choncho, lero zilipo mawa kulibe. Lamulungu likafika ankatenga ndodo yansungwi ija n'kuima pakhomo, osandiitana, kungodikira. Ndipo ine ndinkanyamula chitini.

Amayi sankakondwa nazo. Tsiku lina tikupalira, ine ndili mzera wa kumbuyo kwawo, anaimika khasu.

"Bambo a Tome, mwana mmodzi yekhayu mukufuna mumutayenso?"

"Sitituluka m'madzi," anayankha Bambo osaweramuka.

"Ine ndinati mudzandionetse. Sindinati muzipita ndi mwana."

Bambo anapitiriza kupalira. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako nawonso anaweramira khasu lawo mpaka dzuwa kufika pamutu. Ine ndinkaganiza kuti Amayi akufuna kuonetsedwa nkhanu zazikulu zija, ndipo ndinachita manyazi kuti tinali tisanazipeze. Lamulungu lotsatira anandimangira chimanga chokazinga m'kansalu. Anandigwira mutu ndi manja awiri ngati akuyesa kulemera kwa dzungu, kenako n'kundisiya.

Kenako kunagwa mvula yamvumbi, ya masiku angapo osaleka. Pepala la padenga linang'ambika, ndipo tinasunthira mphasa zonse mbali ya udzu. Namiyala anadzaza mpaka kumiza miyala yochapira, akulira ngati galimoto lokwera chitunda. Nkhanu zinafika mpaka m'minda ya m'dambo, ndipo Zeka anadzaza ndowa ya amayi ake. Ine sindinaloledwe kuyandikira madzi. Bambo ankapita okha kukaima pachulu cha kumunsi kwa mudzi, atafunda thumba, kumayang'ana mitengo ndi zinyalala zimene madzi ankabweretsa kuchokera kumtunda. Ankabwera atanyowa n'kukhala pakhonde, chakudya chikuzizira pambali pawo.

Madzi atatsika tinanyamuka m'mawa, osapita n'kumapemphero komwe. Tinadutsa malo onse amene tinkawadziwa osaima. Tinadutsa pa mathithi aang'ono pamene Bambo anandibereka kumsana, madzi akuwafika m'chiuno. Dzuwa litakwera tinatulukira pamalo pamene mtsinje unkakhota mozungulira thanthwe lalikulu long'ambika pakati. Kutsidya kwake gombe linali lalitali, la dothi lofiira lofewa, lodyedwa ndi madzi kunsi kwake. Chimtengo cha mkuyu chinali chitagona mumtsinje, mizu m'mwamba. Chinali chitagwa kalekale, chifukwa nthambi zake zinali zitayera ngati mafupa ndipo ndere zinali zitamera pathunthu.

Chimene ine ndinaona ndi mauna. Gombe lonse linali lobookabooka, kuyambira m'madzi mpaka pamwamba pa mutu wanga, ndipo pakhomo pa una uliwonse panali kamulu ka dothi latsopano. Nkhanu zinali pamizu, pamchenga, pansi pa thunthu, zazikulu zakuda ngati ija Bambo anagwira kumudzi Lamulungu lija. Ndinasiya ndodo. Sindinafune n'chingwe chomwe. Ndinkangopanikiza n'kuponya m'chitini, kupanikiza n'kuponya, zina zikukwera kutuluka, ine n'kumazibwezera ndi tsamba. Zinandipana kangapo koma sindinamve. Ndinkaseka ndekha, ndikuganiza nkhope ya Zeka. Ndinaitana Bambo kuti adzaone kuti ananena zoona.

Sanacheuke n'komwe. Anali atagwada m'madzi pambali pa thunthu lija, dzanja atalilowetsa kunsi kwake, tsaya litatsamira pandere. Ndinkayesa kuti agwira yaikulu kwambiri ndipo ndinathamangira komweko. Anatenga dzanja langa n'kuliika pamene panali lawo. Pansi pa thunthu, m'madzi ozizira, zala zanga zinakhudza mizere iwiri yozama yopingasana, m'mbali mwake mutatupa ngati chipsera chakale. Unali mtanda wotemedwa ndi chikwanje.

Bambo anaimirira n'kuyang'ana dzenje limene mizu inasiya, kenako gombe, kenako malo amene madzi ankadutsa. Anayenda pang'ono m'madzi mpaka pakati pa mtsinje n'kuima pamenepo, akuyang'ana pansi. Panalibe kanthu koma mchenga ndi timiyala, madzi oyera akuwadutsa m'miyendo. Anawerama, natapa mchenga ndi manja awiri, nauyang'ana, n'kuusiya kuti upite. Anachita choncho kangapo. Kenako anakhala pathanthwe, manja ali pamawondo.

"Bambo, chitini chadzaza," ndinatero, chifukwa sindinadziwe china chonena.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero. "Tseka ndi masamba. Tizipita."

Pobwerera chitini ananyamula ndi iwo. Ndodo anaiiwala pathanthwe, ndipo njira yonse anandigwira padzanja mondifinya mpaka zala kuchita dzanzi. Titafika pochapira, Zeka ndi anzake anathamanga kudzasuzumira. Anayamba kufunsa kuti n'kuti, n'kuti. Imeneyi inali nthawi imene ndinkaiyembekeza dzinja lonse, koma Bambo sanaime, ndipo ine ndinangokokedwa kupita kunyumba ndikucheuka.

Amayi anali pabwalo akusadzula masamba a nkhwani. Anayang'ana nkhope ya Bambo, lichero n'kutsetsereka pamiyendo yawo.

"Ndapapeza, make Tome," anatero Bambo. "Mtengo unagwa. Madzi anadutsa pomwepo."

"Palibe chatsala?"

"Palibe."

Amayi sanalire mofuula monga ndinkamvera kumaliro a kumsasa. Anatola masambawo limodzilimodzi kubwezera m'lichero, kenako analowa m'nyumba, ndipo kuchokera mkatimo kunkamveka kamawu kakang'ono, kotalika, ngati ka mwana wotopa ndi kulira. Nkhanu zinkakanda chitini pakati pa bwalo. Bambo anandikhazika pamtondo wogoneka n'kundiuza zonse, mwachidule, akuyang'ana zala zawo.

Anati pothawa anthu a mudzi wathu anadzera kuphiri, ndipo Tome, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali akudwala kale m'mimba. Iwo anamubereka kumsana, Amayi atabereka ine. Atafika pokhota paja anamva kuti mwanayo walemera mwa mtundu wina, manja ake asiya kugwira m'khosi. Kumbuyo kunkamveka mfuti ndipo anthu sakanadikira. Anauza Amayi kuti apitirire ndi gulu, apulumutse wamoyoyo, iwo atsala. Anakumba pansi pa mkuyu ndi chikwanje ndi manja, namukulunga m'malaya awo, natema mtanda pamtengo. Anawapeza anzawo kutsidya kwa malire ali chifuwa pamtunda. Amayi sanaone manda a mwana wawo, ndipo zaka zonse za kumsasa Bambo ankawalonjeza kuti tikadzabwerera adzawaonetsa.

Ndinamvetsera, ndipo ndinamva chisoni chifukwa Bambo anali achisoni. Koma m'mutu mwanga munalinso nkhanu. Dzuwa linkapendeka ndipo panalibe amene ankakoleza moto. Nditafunsa ngati ndingaotcheko ziwiri, Amayi anayankha ali m'nyumba momwemo kuti za kumeneko sizidyedwa pakhomo pano. Ndinalira kwambiri, kuposa mmene ndinalirira pomva za Tome. M'mawa mwake Amayi ananyamula chitini okha, nandiuza kuti ndiwatsate. Tinapita kumunsi kwa pochapira, ndipo anachipendeketsa pang'onopang'ono m'madzi. Zina zinali zitafa. Zamoyo zinamwazikana cham'mbali, kulowa pansi pa miyala, ndipo posakhalitsa panalibe chooneka. Amayi anatsuka chitinicho ndi mchenga, mkati ndi kunja, nthawi yaitali kuposa mmene chinkafunikira.

Patapita masiku tinabwererako anthu anayi: Bambo, Amayi, ine ndi akatekisita a tchalitchi lathu, bambo wachikulire amene anavomera osafunsa zambiri. Amayi ankaopa madzi moyo wawo wonse, koma anakwinya nsalu mpaka m'mawondo n'kuyenda kumbuyo kwa Bambo osadandaula, akuterereka n'kudzuka. Atafika anafunsa kuti ndi pati penipeni. Bambo anawatengera pakati pa mtsinje, ndipo Amayi anakhala pansi m'madzi momwemo, madzi akuwafika m'chifuwa, zikhatho atazitsamiritsa pamchenga. Akatekisita anapemphera ataima pathanthwe, mawu awo akumezedwa ndi mkokomo. Tinaimba nyimbo imodzi ya maliro. Bambo anakhoma kamtanda ka mitengo iwiri mumng'alu wa thanthwe, pamene madzi sakanafika. Gombe linali lodzaza nkhanu monga tsiku lija, zikutiyang'ana pamakomo a mauna awo, ndipo ine ndinaika manja kumbuyo.

Amayi atadzuka, nsalu ikuchucha, anayang'ana mitengo, phiri ndi thanthwe, pang'onopang'ono, ngati munthu woloweza njira. "Ndi pabwino," anatero. "Pali mthunzi." Bambo anatembenukira kumbali, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akulira.

Kumtunda sitinapitekonso. Feriya inatha, ndinayamba sikola, kumene ndinkavutika ndi Chipwitikizi n'kumakhala kumbuyo. Mvula inachepa, chimanga chinacha, madzi a Namiyala anayera, nkhanu n'kulowa m'mauna akuya. Zeka anandikakamiza kwa milungu ingapo kuti ndimuuze malo aja, mpaka kundilonjeza legeni yake, koma sindinamuuze. Chaka chotsatira anabwera anthu ochotsa mina, ndi zitsulo zawo zolira. Tinamva kuti anapeza ina mumchenga wa mumtsinje momwemo, itakokoledwa ndi madzi kuchokera kugombe, chakumtunda kwa mathithi aang'ono aja. Amayi atamva anandiyang'ana, nayang'ana Bambo, n'kupitiriza kusinja. Bambo anatuluka kupita kumunda ngakhale kunali kulibe ntchito. Anakhala zaka zina zingapo, akulima ndi kuotcha makala, ndipo anamwalira ine ndisanakwatiwe. Iwo ali ndi manda, kumanda a mudzi, pafupi ndi a Amayi.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti Bambo ankanditenga chifukwa ndinali wodziwa kugwira nkhanu, ndipo kwa nthawi yaitali chimene chinkandiwawa pa dzinja limenelo chinali chitini chodzaza chimene sindinalaweko. Nditakula n'kubereka anga, ndinawakwiyira. Ndinkayang'ana mwana wanga akuthamanga pabwalo n'kumadzifunsa kuti munthu angatenge bwanji mwana mmodzi yekha wotsala kupita naye kumalo otero, pomwe akanatha kupita yekha n'kufika msanga. Mkwiyowo sunathe wonse, ndipo ndikuganiza kuti Amayi anapita nawo wawo kumanda. Koma pano ndapitirira zaka zimene Bambo anali nazo nthawi ija, ndipo ndikaganiza za njira ya m'madzi ija ndimaona kuti iwo anali ataiyendapo kale okha, opanda malaya, msana uli wopepuka. Sindikhulupirira kuti miyendo yawo ikanalola kuiyendanso choncho. Ankafuna kumva mwana akupuma kumbuyo kwawo, akudandaula za miyendo, akufunsa mafunso. Ine ndinkayesa kuti akundiperekeza kunkhanu, osadziwa kuti woperekeza ndinali ine.